Udindo wa Mphunzitsi wa Masewera Pamene Anyamata Ace Adandaula za Tsankho



Pafupi-fupi pa sukulu iri yonse pali mphunzitsi mmodzi amene anapatsidwa mpira kuti ausunge. Ndiye amene amasankha anyamata a timu, ndiye amene amayenda nao ulendo wokasewera ku sukulu ina, ndipo kawiri-kawiri ndiye amene ana amamuuza zinthu zimene aopa kuuza mphunzitsi wamkulu. Mau a lero akhudza munthu ameneyu. Ngati anyamata a timu afika kwa iye ndi dandaulo lakuti anthu akuwanyoza cifukwa ca khungu lao kapena mtundu wao, ndipo afuna kuonetsa poyera kuti sakondwa, kodi iye acite ciani? Funso limeneli linagwera aphunzitsi awiri a masewera m'mayunivesite a ku America, wina mu 1969, wina mu 2015. Anayankha mosiyana, ndipo mayankho ao ali ndi phunziro kwa ali yense wosunga ana a eni.

Poyamba kuyenera kudziwika kukula kwa mphamvu imene mphunzitsi wa masewera ali nayo m'dziko limenelo. Masewera onenedwa pano ndi mpira wa ku America, umene osewera amaunyamula m'manja nagundana ndi matupi, wosiyana ndi mpira wa miyendo wa m'masukulu a kuno. Mayunivesite akulu ali ndi mabwalo olowa anthu zikwi zambiri, ndipo amapata ndalama zocuruka pa masewerawo. M'zaka zimenezo osewera sanali kulandira malipiro. Cimene anali kulandira ndico maphunziro, pogona ndi cakudya, zolipiridwa ndi yunivesite cifukwa ca luso lao pa bwalo. Kwa mnyamata wa m'banja losauka, imeneyi inali njira yofikira maphunziro amene makolo ace sakanatha kumlipirira. Tsono wosankha wolowa m'timu ndi woturukamo anali mphunzitsi wa masewera. Pocotsa mnyamata m'timu, iye anali kugwedeza ndi maphunziro ace omwe.

Za ku Wyoming, 1969

Yunivesite ya Wyoming iri m'mzinda waung'ono wa Laramie, m'dera limene anthu akuda anali owerengeka ndithu. Mphunzitsi wa timu yace kuyambira 1962 anali Lloyd Eaton, munthu wochuka pa kusunga mwambo ndi kupambana. Timu yace inatenga ukatswiri wa cigawo cao zaka zitatu zotsatizana, 1966, 1967 ndi 1968. Pofika pakati pa Okotobala 1969 inali itapambana masewero onse 4 oyamba a caka cimeneco, ndipo inali kuwerengedwa pakati pa matimu 20 oposa onse m'dziko.

Sewero lotsatira linali la pa 18 Okotobala, ndi Brigham Young University, sukulu ya mpingo wa Latter-day Saints, umene ambiri amauchula kuti wa Mormon. Masiku amenewo mpingowo sunali kulola amuna akuda kulandira unsembe, ngakhale kuti unsembewo unali kuperekedwa pafupi-fupi kwa mwamuna wina ali yense wa mu mpingomo. Lamulo limeneli linacotsedwa mu 1978. Bungwe la ophunzira akuda a ku Wyoming, lotsogozedwa ndi Willie Black, wophunzira masamu, linakonza cionetsero cotsutsa lamulolo pa tsiku la sewero. Osewera akuda nao anali ndi dandaulo lao-lao. Iwo anati caka capitaco, posewera kwao kwa Brigham Young, anatukwanidwa pa bwalo cifukwa ca khungu lao.

Eaton anali ndi lamulo lakuti wosewera wace asalowe m'cionetsero ciri conse, ndipo anali atakumbutsa kale za lamulolo Joe Williams, mmodzi wa akapitao a timu. Komabe m'mawa wa Lacisanu, pa 17 Okotobala, osewera akuda onse 14 anapita kwa iye atamanga tinsalu takuda pa mikono ya zobvala zao za masiku onse. Anafuna kukambirana naye ngati angaloledwe kubvala tinsaluto pa sewero. Eaton anawatenga nawakhazika pa mipando ya oonerera, nawauza pomwepo kuti onse acotsedwa m'timu. Anyamatawo ananena pambuyo pace kuti sanapatsidwe mpata wofotokoza, ndi kuti anawauza mau onyoza, pamodzi ndi akuti angathe kupita ku makoleji a anthu akuda okha-okha.

Usiku womwewo akulu oyang'anira yunivesite anasonkhana pamodzi ndi bwanamkubwa wa Wyoming, Stanley Hathaway, ndipo anatsimikiza ciweruzo ca Eaton. Anthu ambiri a m'deralo anaima naye namtama. Timu inagonjetsa Brigham Young 40 kwa 7, inapambananso sewero lina limodzi, koma inagonja masewero 4 otsiriza. Mu 1970 inapambana kamodzi kokha pa masewero 10, ndipo Eaton anasiya kuphunzitsa timu. Anyamata aluso akuda anayamba kupewa Laramie, kotero kuti pa zaka zonse za 1970 mpaka 1979 panali caka cimodzi cokha cimene timuyo inapambana masewero ambiri koposa amene inagonja. Mwa anyamata 14 aja, atatu anabwerera kudzasewera mu 1970, ambiri anabalalika kukafuna malo kwina.

Munthu wacilungamo ayenera kubvomera kuti Eaton anali ndi zifukwa zimene sizingatayidwe msanga. Timu yopanda mwambo siima. Lamulo lace linali lodziwika. Osewera a Brigham Young anali alendo, ndipo nkhaniyo inali kukhudza cipembedzo cao. Ngakhale mabwalo a milandu sanamtsutse. M'caka comweco ca 1969 Bwalo Lalikulu la dzikolo linali litagamula, pa mlandu wa Tinker, kuti ana a sukulu ali ndi ufulu wobvala tinsalu takuda potsutsa nkhondo ya ku Vietnam. Koma pamene osewera a Wyoming anapita ku bwalo, oweruza mu 1972 anaima ndi yunivesite, nati sukulu ya boma iri ndi cifukwa coletsa timu yace kutsutsa cipembedzo ca ena pa bwalo la masewera. Cotero Eaton akadakana tinsaluto pa sewero, nalongosola cifukwa cace, sakadacoka pa malire a udindo wace.

Colakwa cace cinali pena. Anyamatawo anali asanalowe pa bwalo, sewero linali la mawa lace. Anadza kwa iye monga ana adza kwa mkulu wao, ndipo cilango cinawagwera cifukwa ca kupempha. Pa bwalo la mfumu ya mudzi, ngakhale munthu wogwidwa ndi mbuzi ya mwini amapatsidwa mpata wolankhula nduna zisanagamule. Pano ciweruzo cinatsogola, ndipo cinali cacikuru koposa zonse zimene mphunzitsi akanatha kupereka. Kugonja kwa timu pambuyo pace sindiko kumene kutsimikiza kuti analakwa. Ngakhale akadapambana masewero onse, anyamata 14 akadakhalabe oweruzidwa osamvedwa.

Za ku Missouri, 2015

Patapita zaka 46 funso lomwelo linafika ku Yunivesite ya Missouri, m'mzinda wa Columbia. Sukulu imeneyi inayamba kulandira ophunzira akuda mu 1950. Mu Ogasiti 2014, ku Ferguson, m'dera lomwelo la Missouri, wapolisi anaombera napha mnyamata wakuda, Michael Brown, ndipo zionetsero zinabuka m'dziko lonse. Caka cotsatira, mtsogoleri wa ophunzira onse a pa yunivesiteyo, Payton Head, amene ali wakuda, analemba poyera kuti anthu oyenda pa galimoto anamtukwana cifukwa ca khungu lace. Panacitikanso zonyoza zina. Ophunzira akuda anapanga gulu lochedwa Concerned Student 1950, pokumbukira caka cija, nadandaula kuti mkulu wa mayunivesite a boma la Missouri, Tim Wolfe, sanali kusamala madandaulo ao. Pa 2 Novembala wophunzira wina, Jonathan Butler, analengeza kuti sadzadyanso kanthu mpaka Wolfe atatula pansi udindo.

Osewera ena a timu ya mpira anakamuona Butler, naona mmene analikufookera. Loweruka, pa 7 Novembala, osewera akuda pafupi-fupi 30 analengeza kuti sadzacita zokonzekera kapena kusewera mpaka Wolfe atacoka. Loweruka lotsatira timuyo inayenera kusewera ku Kansas City, ndipo mdani wace anali Brigham Young yemwe uja. Pangano linali lakuti Missouri ikalephera kusewera ilipire madola 1,000,000.

Mphunzitsi wa timuyi anali Gary Pinkel, Mzungu, amene anaitsogolera kuyambira 2001, ndipo malipiro ace anali pafupi-fupi madola 4,000,000 pa caka, kuposa kutali a Wolfe. Mphamvu yolanga anali nayo monga Eaton. Iye anamvetsera anyamata ace usiku womwewo, ndipo m'mawa mwace anasonkhanitsa timu. Tsiku lomwelo, pa 8 Novembala, anaika pa Twitter cithunzi ca osewera akuda ndi oyera pamodzi ndi aphunzitsi ao atakolekana mikono, ndi mau akuti ali pambuyo pa osewera ao. Lolemba, pa 9 Novembala, Wolfe anatula pansi udindo, Butler anayambanso kudya, ndipo tsiku lotsatira timu inabwerera ku nchito yace. Pa 14 Novembala inagonjetsa Brigham Young 20 kwa 16. Pofotokozera atolankhani, Pinkel anati sanalowemo kuti acotse munthu pa nchito, koma cifukwa anali kucirikiza anyamata ace, ndiponso moyo wa wophunzira unali pa ngozi.

Nayenso Pinkel asayesedwe wopanda banga. Ena anati analola anyamata kulamulira yunivesite. Ena anati sakanatha kucitira mwina, pakuti mphunzitsi wolanga osewera akuda 30 sakadapezanso ena obwera kudzamsewerera. Atolankhani analemba kuti wosewera wina wobisa dzina lace anati ambiri m'timu sanagwirizane ndi kunyanyalako. Ngati zinali conco, cithunzi ca umodzi cija cinatseka pakamwa anyamata amene anali ndi maganizo ena. Mtengo wace unalinso waukuru. M'Disembala 2015 phungu wina wa nyumba ya malamulo ya Missouri, Rick Brattin, anapereka ganizo lakuti wosewera wokana kusewera azilandidwa thandizo lace la maphunziro, ngakhale kuti ganizolo linabwezedwa patapita masiku ocepa. Pa zaka ziwiri zotsatira, ophunzira atsopano olowa pa sukulu ya ku Columbia anacepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu, ndipo nyumba zina zogona zinatsekedwa. Koma pa zonsezi palibe mnyamata amene anataya maphunziro ace cifukwa colankhula ndi mphunzitsi wace, ndipo wophunzira wosala cakudya uja anakhala ndi moyo.

Zimene mphunzitsi angatolepo

Ana a sukulu za kumidzi sali ngati anyamata a ku yunivesite, amene ali akulu kale, ndipo mpira wao sulowetsa madola. Koma mtima wa nkhani ndi umodzi. Kunonso mwana anganyozedwe pa bwalo cifukwa ca mtundu wace, kalankhulidwe kace, khungu lace, kapena umphawi wa kwao, ndipo anzace angakane kusewera cifukwa ca iye. Tsiku lotere mphunzitsi akumbukire zinthu zisanu.

Coyamba, amve asanaweruze. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Eaton sanatukwanidwepo cifukwa ca khungu lace, ndipo sakanadziwa kuwawa kwace koma pomvetsera iwo amene anakumva. Kumvetsera sikutanthauza kubvomera zonse. Mphunzitsi angathe kumva bwino-bwino, pambuyo pace nakana pempho, ndipo ana adzalandira kukanako ngati aona kuti mau ao analowa m'khutu. Adzifunsenso cifukwa cace dandaulolo lamfika mocedwa. Anyamata a ku Wyoming anali ndi cironda ca caka cathunthu. Mphunzitsi amene amaceza ndi ana ace pobwera ku sewero, nawafunsa zimene anamva kwa oonerera, sadzidzimuka ndi cionetsero.

Caciwiri, asiyanitse kupempha ndi kupanduka. Ana akabwera gulu, mtima wa mkulu umathamangira kuganiza kuti apangana zomderera. Koma ana amabwera gulu cifukwa mmodzi payekha aopa. Kufika kwao kwa mphunzitsi ndi cizindikiro cakuti akumlemekezabe, pakuti amene ataya cikhulupiriro mwa mkulu wao sapempha, amangocita. Wolanga opempha amaphunzitsa sukulu yonse kuti njira yabwino ndi kubisa, ndipo dandaulo lotsatira lidzaturukira pa malo pamene iye sangathe kulilamulira.

Cacitatu, asasandutse maphunziro a mwana mkwapulo. Mphamvu ya mphunzitsi pa malo a mwana m'timu, pa lipoti lace, ndi pa kalata yomcitira umboni, inaperekedwa kuti imange mwanayo. Pa bwalo, pa nthawi ya sewero, mphunzitsi ali ndi ulamuliro wonena cobvala ndi kacitidwe. Ulamuliro umenewo uli ndi malire ace. Ngakhale ku Wyoming, patapita masiku ocepa lamulo la Eaton linasinthidwa kuti ligwire nchito pa zocitika za timu zokha, koma anyamata aja sanabwezedwe. Cilango ciyenera kulingana ndi colakwa, ndipo cikhale cakuti munthu angathe kucibweza mtima ukazizira. Ciweruzo coperekedwa ndi mkwiyo pamaso pa anthu cimabvuta kucibweza, pakuti mwini wace amayamba kuteteza ulemu wace m'malo mwa coonadi.

Cacinai, anyamule dandaulo kupita nalo kwa akulu, ndipo auze ana zoona za mtengo wace. Mphunzitsi ali pakati. Pamwamba pace pali mphunzitsi wamkulu ndi oyang'anira sukulu amene amlemba nchito, pansi pace pali ana amene makolo anampatsa. Nchito yace ndi kukhala mlatho, kuti mau a ofooka afike kwa amphamvu mwaulemu ndi mwamsanga. Kwa ana ang'ono ayenera kuitana makolo ndi mphunzitsi wamkulu nkhani isanakule. Asawanyenge kuti zonse zidzayenda bwino. Awauze cimene angataye, awathandize kusankha njira yopanda ciwawa, ndipo akasankha, asawasiye okha pamaso pa olanga. Asawagwiritsenso nchito pomenya nkhondo zace za iye mwini ndi akulu a sukulu, pakuti kutero ndi kubisala kumbuyo kwa ana.

Cacisanu, ateteze ndi iye amene sagwirizana ndi anzace. Apa ndi pamene nkhani ya ku Missouri icenjeza. M'timu mungakhale mwana amene aona mosiyana, kapena amene atate wace amletsa, kapena amene angofuna kusewera. Nayenso ndi mwana wa mphunzitsi yemweyo. Asakakamizidwe kuima pa mzere umene mtima wace sunabvomere, ndipo anzace asaloledwe kumchula wapaciweni-weni kapena wamantha. Umodzi wa timu umene uyenera kusungidwa ndi wakuti onse alemekezana, ngakhale maganizo ao asiyana.

Wina angafunse kuti, kodi mphunzitsi wa masewera alowerenji m'nkhani zotere, pamene nchito yace ndi mpira? Yankho ndi lakuti palibe mphunzitsi amene anapatsidwa miyendo ya mwana yokha. Makolo potumiza mwana amatumiza munthu wathunthu, ndi khungu lace, ndi dzina la mtundu wace, ndi cikumbumtima cace. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene akondwera ndi liwiro la mnyamata pa bwalo, koma atseka makutu pamene mnyamata yemweyo anena kuti akunyozedwa, ameneyo akumuyesa ng'ombe ya pa goli. Ndiponso ana ena onse amapenya. Cimene mphunzitsi acita pa tsiku lobvuta cimawaphunzitsa za cilungamo koposa maphunziro onse a m'kalasi a caka cimeneco.

Mu Sepitembala 2019, patapita zaka 50, Yunivesite ya Wyoming inaitana otsala a anyamata 14 aja, ali nkhalamba tsopano, niwapatsa kalata yopepesa. Eaton anali atamwalira mu 2007, ndipo ena mwa anyamatawo anali atamwaliranso osaimva kalatayo. Mu 2020 ena a iwo anagwirizana ndi mpingo womwe uja wa Latter-day Saints pogawa cakudya kwa osowa m'mizinda ingapo ya ku America. Izi zisonyeza kuti sanali adani a munthu, ndi kuti cimene anadzera m'mawa uja cikadatha kukambidwa mwamtendere. Kupepesa kunali koyenera, koma sikunabweze zaka za unyamata zimene zinatayika. Cimene yunivesite inafuna kukonza patapita zaka 50, mphunzitsi mmodzi akadacipewa ndi ora limodzi la kukhala pansi ndi kumvetsera. Ora lotere liri m'manja mwa mphunzitsi ali yense, ngakhale wa sukulu yaing'ono ya kumudzi.